Fupa la msongolo linang'aluka ndisanagwe n'komwe

Ndikulembera amayi anzanga amene ayamba kuthamanga m'mawa kuno ku Mzuzu, makamaka inu amene mwayamba mutakula kale, pofuna kuchepetsa thupi kapena kutsitsa BP. Kuthamanga n'kwabwino ndipo ine sindinasiye. Koma chaka chatha fupa langa la msongolo wakumanzere linachita mng'alu, osagwa, osagundidwa ndi kanthu, ndipo panatha pafupifupi theka la chaka ndisanayambenso kuthamanga bwinobwino.

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Kwathu ndi ku Ntcheu koma ndakhalitsa ku Luwinga. Pautsikana ndinkasewera mpira wamanja, nditayamba kubereka ndinausiya. Mu Januwale anandipeza ndi BP yokwera, ndipo anamwino anandilangiza kuchepetsa mchere ndi mafuta komanso kumayenda ndawala. Mnzanga wa kutchalitchi anandilowetsa m'gulu la anthu othamanga mbandakucha. Tinkakumana cha m'ma 5 koloko n'kutsata msewu wa M1 kuchokera ku Luwinga kulowera ku Katoto, kenako n'kubwerera. Poyamba ndinkangoyenda, ndikati ndithamangeko pang'ono befu ankandigwira. Koma mpweya unabwera msanga. Pofika Epulo ndinkamaliza ulendo wonse osaima, BP inatsika, ndipo zovala zimene ndinazitaya kale m'sutukesi zinayamba kundikwana. Ndinali wosangalala kwambiri, ndipo chisangalalo chimenecho sindichinyoza ngakhale lero.

Tinali ndi gulu pa WhatsApp limene aliyense ankaponyapo mtunda umene wathamanga tsiku limenelo. Anzanga atayamba kukamba za mpikisano wa makilomita 21, nanenso ndinalembetsa. Kuchokera pamenepo ndinayamba kuthamanga pafupifupi tsiku lililonse, ndipo Loweruka tinkatsetsereka msewu wa ku Nkhata Bay n'kubwerera chokwera. Mtunda wa pa sabata unawirikiza m'mwezi umodzi wokha. Nsapato zinali za pakaunjika, zooneka bwino pamwamba koma pansi zitadyeka mbali imodzi. Nthawi yomweyo ndinali nditadula chakudya: m'mawa tiyi wopanda mkaka, masana kachipatso kapena chimanga chootcha, madzulo ndiwo zamasamba popanda nsima. Usipa ndinausiya poti timaukazinga ndi mafuta. Msambo unayamba kudumphadumpha, mwezi wina osabwera n'komwe, ine n'kumati mwina ndi msinkhu kapena kutopa ndi ntchito.

Ululu unayamba mu Juni, nyengo ya chisanu ndi chifunga ija. Unali cha m'kati mwa msongolo, pamwamba pang'ono pa kakolo. Masiku oyamba unkabwera kumapeto kwa ulendo, ndikasamba n'kutha. Kenako unayamba kubwera ndili pakati pa njira. Patapita masabata angapo ndinkaumva ndikaimirira nthawi yaitali pa bolodi m'kalasi, ndipo pamapeto pake unkandidzutsa usiku ndili chigonere. Kusintha kumeneku, kuchoka pa ululu wa pothamanga kufika pa ululu wa poyenda ndi wa pogona, ndi chizindikiro chachikulu chimene ndikanakonda wina akanandiuza. Minofu yotopa imapepukirako munthu akapuma. Fupa limene likuvulala limapweteka mowonjezereka sabata ndi sabata.

Malangizo sanasowe. Ena anati ndizithowa ndi madzi otentha, ndinathowa. Ena anati ndi magazi oundana chifukwa cha kuzizira, ndinagula mankhwala opaka otentha aja. Mnyamata wina wa m'gulu mwathu, wodziwika kuti amatha kutikita, anandikanda ndi chala chachikulu motsata fupa mpaka misozi inatuluka, akuti akuphwanya mfundo. Apongozi anga atabwera kudzacheza anati, "Mwana wanga, pamenepa mpofunika kutemera." Kutemera ndinakana. Chimene ndinachita n'kumamwa brufen ndisananyamuke m'mawa, ululu n'kuzizira, ine n'kumathamanga. Mankhwala opha ululu sachiza fupa. Amangotseka pakamwa chinthu chokhacho chimene chikukuuzani kuti imani.

Mu Julayi ndinapita ku chipatala china cholipira n'kupempha kuti andijambule. X-ray inatuluka yoyera, fupa looneka lathunthu. Anandiuza kuti mwina ndi minofu, ndipume pang'ono, n'kundipatsa mapiritsi. Ndinatuluka mtima uli m'malo. Ndinapuma masiku ochepa n'kubwerera pamsewu, poti chithunzi chanena kuti fupa lili bwino. Apa ndi pamene panali pokhotera nkhani yonse, ndipo ndifotokoza m'munsimu chifukwa chake chithunzi chija sichinaonetse kanthu.

Loweruka lina mu Ogasiti, tikutsetsereka ku msewu wa ku Nkhata Bay, ndinamva kulasa pamalo pomwe paja, kwakuthwa kosiyana ndi masiku onse. Ndinayesa kuponda, mwendo unakana. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, anzanga awiri anatsala nane mpaka tinapeza galimoto yotifikitsa m'tauni, ndipo kuchokera kumeneko ndinakwera Sacramento, njinga ya kabaza, mpaka pakhomo. Pa njinga paja ndinalira, osati chifukwa cha ululu wokha. Ndinkaona kuti chinthu chimene chinandibwezera thanzi ndi ulemu wanga chikundipulumuka m'manja.

Lolemba ndinadzera ku chipatala chaching'ono kukatenga kalata, n'kupita ku chipatala chachikulu cha boma, ku mbali ya mafupa. Amene anandiona anali orthopaedic clinical officer, mmodzi wa anthu amene amathandiza ambiri mwa othyoka mafupa m'zipatala za m'Malawi muno. Asanayang'ane chithunzi chakale chija anati, "Mayi, lozani ndi chala chimodzi pamene pakupweteka." Ndinaloza osakayika. Anadina pamenepo, ndinakuwa. Anadina pamwamba pake pang'ono ndi pansi pake, sipanapweteke. Panali kakutupa kolimba. Anandifunsa ngati masabata apitawo ndikanatha kudumpha ndi mwendo umodzi umenewo, ndinati ayi, ndinayesapo ndipo zinakanika. Ananditumiza kukajambulitsanso, ndipo ulendo uno chithunzi chinaonetsa kamzere kopingasa ndi kamtambo koyera m'mphepete mwa fupa. M'kabuku kanga analemba kuti stress fracture ya tibia, kutanthauza mng'alu wa fupa la msongolo wobwera chifukwa cholilemetsa mobwerezabwereza.

Ndinawafunsa mowawidwa mtima kuti, "Adokotala, nanga mwezi watha bwanji sanaone?" Anandiyankha modekha kuti palibe amene anabisa kanthu. Mng'alu wotere umayamba waung'ono kwambiri moti X-ray kawirikawiri siuona m'masabata 2 kapena 3 oyambirira, nthawi zina kupitirira apo. Chimene chimadzaoneka pambuyo pake ndi fupa latsopano limene thupi layamba kumata pamalopo, ndiye kamtambo kaja. Makina a MRI ndi amene amaona msanga, koma sapezeka paliponse ndipo ndi odula. Choncho ululu ukakhala pa fupa penipeni, pamalo amodzi olozeka ndi chala, munthu amayenera kusamalidwa ngati wavulala fupa ngakhale chithunzi choyamba chikhale choyera, n'kudzajambulitsanso pakatha masabata awiri kapena atatu. Ululu wa msongolo wamba, umene othamanga ambiri amaumva, umakhala womwazika motsata fupa pa mtunda wopitirira masentimita 5, ndipo nthawi zambiri umachepa thupi likatenthedwa.

Pakhoma panali chithunzi cha mafupa a munthu, ndipo poona kuti ndine mphunzitsi anaimirira n'kundiphunzitsa. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Phazi limodzi lokha lili ndi mafupa 26, kutanthauza kuti mapazi awiri atenga 52, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mafupa onse. Kuchokera m'chiuno kufika pabondo pali fupa limodzi la ntchafu, lalitali ndi lolimba kuposa onse. Kuchokera pabondo kufika pakakolo pali mafupa awiri: lalikulu la msongolo limene timalikhudza kutsogolo, tibia, ndi lina lowonda la kunja, fibula. Pafupifupi kulemera konse kwa thupi kumadutsa mu lalikululo. Munthu akamathamanga, phazi likamatera pansi, mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwake kawiri kapena katatu, ndipo pa kilomita iliyonse izi zimachitika kambirimbiri. Anandiuza ndiwerengetse ndekha ndi kulemera kwanga. Nditawerengetsa ndinakhala chete.

Chimene chinandidabwitsa koposa n'chakuti fupa ndi lamoyo. Ine ndinkaliona ngati chinthu chouma chimene chinamalizika kukula ndili mtsikana. Koma lili ndi mitsempha ya magazi, ndipo muli maselo amitundu iwiri ogwira ntchito usana ndi usiku: ena amagumula fupa lakale kapena lotopa, ena amamanga latsopano pamalopo. Pa chaka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa a munthu wamkulu limasinthidwa motere. Ukayamba masewera olimbitsa thupi, fupa limamva katunduyo ndipo limayamba kudzilimbitsa, koma ogumula ndi amene amatsogola. Iwo amamaliza ntchito yawo m'masabata ochepa, pamene omanga amatenga miyezi itatu kapena kuposerapo kuti adzaze ndi kulimbitsa. Zili ngati nyumba imene mwaigumula khoma lina kuti mulimange bwino: pakati pa ntchitoyo nyumbayo imakhala yofooka kuposa mmene inalili musanayambe. Mtima, mapapo ndi minofu zimazolowera msanga, n'chifukwa chake mu Epulo ndinkadzimva wamphamvu. Mafupa anali asanafike. Ine ndinawonjezera mtunda ndi zitunda pa nthawi yomwe fupa linali pakati pa kukonzedwa.

Anatinso vutoli si lachilendo. Dokotala wa asilikali wa ku Prussia, Breithaupt, analifotokoza kale mu 1855 ataona mapazi otupa a asilikali oguba maulendo ataliatali. Mpaka lero limagwira kwambiri asilikali ongoyamba kumene ndi othamanga, makamaka pa msongolo ndi pa timafupa titalitali 5 ta pakati pa phazi, kawirikawiri kachiwiri ndi kachitatu.

Kenako anandifunsa mafunso amene sindinkawayembekezera ku mbali ya mafupa. "Mayi, mukudya bwanji? Nanga kumwezi mukupita bwinobwino?" Ndinachita manyazi, koma ndinanena zoona. Anandifotokozera kuti thupi likamagwira ntchito yambiri koma chakudya chili chochepa, limayamba kutseka zinthu zina kuti lisunge mphamvu, ndipo msambo ndi chimodzi mwa zoyamba. Msambo ukaima motere ndiye kuti homoni ya estrogen yatsika, ndipo homoni imeneyi ndi imene imateteza mafupa a mayi kuti asagumuke mofulumira. Amayi anzanga, msambo ukasowa mutayamba masewera ndi kudzimana chakudya, ndipo mwayezetsa kuti si mimba, musati thupi lazolowera. Kanenani kuchipatala. Anandifunsanso za njira yolera, chifukwa jakisoni wa miyezi itatu uja amachepetsako kulimba kwa mafupa pa nthawi imene mayi akumugwiritsa ntchito, ngakhale kuti mafupa amabwereramo akasiya. Sananene kuti jakisoniyo ndi woipa, ndipo inenso sindikuuza munthu kuti asiye. Ndikungoti muwauze adokotala njira imene muli nayo kuti aone nkhani yonse pamodzi.

Pa malo a mng'alu ndinachita mwayi. Unali m'mphepete mwa m'kati cha kumbuyo kwa fupa, pamene pamapola bwino munthu akangopuma. Sanandiike chikhakha. Anandiuza kuyenda ndi ndodo mpaka nditasiya kutsimphina, ndi kusathamanga kapena kudumpha kwa masabata 6 mpaka 8, mwinanso 12. Koma anandichenjeza za malo ena amene sachedwa kuvuta, ndipo ndikuwalemba pano chifukwa wina angapulumukirepo. Kutsogolo kwenikweni kwa msongolo, pamsonga paja, mng'alu umachedwa kupola. Pamwamba pa phazi kufupi ndi kakolo pali kafupa kotchedwa navicular kamene magazi safikako okwanira. Kunja kwa phazi, kumene kumayambira fupa lopita ku chala chaching'ono, nakonso n'kovuta. Choopsa koposa ndi khosi la fupa la ntchafu, pamene limalowa m'chiuno. Ululu wake umamveka m'mphechepeche kapena kutsogolo kwa chiuno pothamanga ndi poyenda, ndipo anthu amaupeputsa kuti ndi mnofu wakokeka. Fupa limeneli likathyokeratu pamafunika opaleshoni. Wothamanga amene akumva ululu wotere asadikire Loweruka lina.

Za ndalama ndinene mosabisa. Ku chipatala cha boma sindinalipire, koma zina zonse zinandidya. X-ray yoyamba ija ndi mapiritsi ake ndinalipira ndekha. Ndalama ya mpikisano inapita. Ndodo ndinachita kugula. Kusukulu, kumene ndinkayenda wapansi, ndinayamba kupita pa Sacramento m'mawa ndi masana kwa miyezi iwiri, ndipo pa malipiro a mphunzitsi ndalama imeneyi inaposa zina zonse kuphatikiza pamodzi. Bambo akunyumba anatenga ntchito yopita kumsika, mwana wanga wamkulu anatenga zochapa. M'kalasi ndinkaphunzitsa nditakhala pampando, n'kumatuma ana kulemba pa bolodi.

Chimene sindinakonzekere ndi kusungulumwa. Foni inkalirabe m'mawa uliwonse ndi mitunda ya anzanga, mpaka ndinatseka mauthenga a gululo. Thupi linabwererako pang'ono, ndipo ndinkaopa kuti BP ikweranso. Ndinafuna kuyambanso kudzimana chakudya, koma adokotala anali atanenetsa kuti fupa silingapole munthu ali ndi njala. Ndinabwerera ku nsima katatu patsiku, yochepa bwino koma yosadumpha. Pafupifupi 99 peresenti ya kashiamu wa m'thupi, amene amalimbitsa mafupa, ali m'mafupa ndi m'mano, ndipo munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku. Kapu ya mkaka imapereka pafupifupi 300. Mkaka tsiku lililonse sindikanakwanitsa, koma usipa ndi matemba, amene timadya ndi minga yomwe, ali ndi kashiamu wambiri, ndipo kuno usipa wa ku Nkhata Bay susowa. Ndinaphunzira kuuphika ndi tomato ndi madzi m'malo mokazinga. Ndinawonjezera bonongwe, mpiru, nkhwani wotendera, nyemba, soya ndi mazira, chifukwa fupa limafunanso zakudya zomanga thupi. Vitamini D, amene amathandiza thupi kuyamwa kashiamu, khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa, ndipo ine amene ndinkathamanga kusanache n'kukhala m'kalasi tsiku lonse ndinayamba kukhalako panja nthawi yopuma. Pa ululu anandiuza kumwa panado m'malo mwa brufen kapena diclofenac, chifukwa pali nkhawa yakuti mankhwala a mtundu umenewo angachedwetse kupola kwa fupa. Anatinso fodya amachedwetsa kwambiri, kwa amene amasuta.

Nditasiya ndodo ananditumiza ku mafizo, kumene amathandiza ovulala kulimbitsanso thupi. Kumeneko anandiyeza kuimirira ndi zala za phazi limodzi, ndipo mwendo wovulala unkanjenjemera nditangokwera kangapo. Anandifotokozera kuti akatumba ndi minofu ya m'chiuno ndi ya m'matako ndi imene imalandira kugunda kwa phazi lisanafike pa fupa. Minofu ikatopa, monga zimachitikira kumapeto kwa ulendo wautali kapena potsetsereka, katundu wochuluka amagwera fupa. Anandipatsa zochita kunyumba: kukwera ndi kutsika pa zala nditagwira khoma, kudzuka pampando ndi mwendo umodzi, kukweza chiuno nditagona chagada. Anandilolanso kupalasa njinga pamalo osakwera, kuti mtima usaiwale ntchito.

Mu Okutobala ululu unatheratu poyenda, ndipo tsiku lina ndinathamangira minibasi ku depoti. Usiku wake malo aja anayambanso kugunda. A mafizo anandibweza m'mbuyo masabata awiri. Ululu umatha fupa lisanamalize kulimba, ndiye kutha kwa ululu si chilolezo.

Ndondomeko imene anandipatsa pobwerera inali iyi. Choyamba ndizitha kuyenda ndawala mphindi 30 popanda ululu, pa tsikulo ndi mawa lake, komanso podina pa fupa pasamapweteke. Kenako kuyamba kusakaniza: mphindi imodzi kuthamanga pang'onopang'ono, mphindi zinayi kuyenda, n'kumabwereza, ndipo tsiku lotsatira kupuma. Sabata iliyonse kuwonjezerako pang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wa sabata yapita, ndipo osawonjezera mtunda, liwiro ndi zitunda nthawi imodzi. Ndinayambira pa bwalo la dothi la kusukulu m'malo mwa tara. Pamsewu anandiuza kupewa kumangothamanga m'mphepete mopendekeka muja, chifukwa mwendo umodzi umakhala ukutera motsika kuposa unzake ulendo wonse. Nsapato zothamangira zimatha mphamvu zikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndipo za pakaunjika sitidziwa kuti mwini wake woyamba anayenda nazo mtunda wotani. Si tonse tingagule zatsopano, koma posankha muzitembenuze, muone ngati pansi padyeka mbali imodzi, muziike pa thebulo muone ngati zikupendekeka, ndipo mudine m'kati mumve ngati mudakali mofewa.

Ndinathamanga makilomita 5 osaima koyamba mu Disembala. Msambo unabwerera mwakale patatha miyezi ingapo ndikudya mokwanira, ndipo BP ili bwino ngakhale ndimathamanga masiku ochepa pa sabata kusiyana ndi kale. Ku gulu ndinabwerera, koma Loweruka la ku msewu wa ku Nkhata Bay ndimapita mwa apo ndi apo, ndipo potsetsereka kwambiri ndimayenda. Mpikisano wa makilomita 21 sindinalembetsenso chaka chino. A mafizo anati ndiyambe ndatha miyezi ingapo ndikuthamanga makilomita 10 popanda vuto. Pa msongolo patsala kachotupa kolimba kosapweteka. Ndinakafunsa, ndipo anati ndi fupa latsopano lija limene linamata mng'alu, limaphwa lokha pang'onopang'ono, ndipo siloyenera kulitikita kapena kulithowa kuti lichoke.